Zikwatu Zitatu za Saida

"Ndikufunsa iwe, Lajabu. Chikwatu chili kuti?"

Mchimwene wangayo sanatembenuke n'komwe. Anali atanyonyomala pakhomo pa khola, thadzi lili m'khwapa, akulikanula chikope ndi chala chachikulu. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake yoyamba tsiku lililonse akangopinda mkeka wa swala.

"Achemwali, m'mawa uno? Anthu akumva."

"Amve. Nyumba za Kabwata zili ndi makutu kale, sindine ndawaboola. Kudenga kuja kunali zikwatu zitatu. Lero zatsala ziwiri. Usandiuze za khoswe, khoswe sadya chikwatu ndi luzi lomwe."

"Ndatengako pang'ono."

"Chikwatu chathunthu ndiye pang'ono?"

Zikwatu zimenezo zinachokera kutali. Saida anali mkazi wa Lajabu. Amake atamva kuti mwana wawo ali ndi pakati kuno ku Lusaka, anafutsa masamba a chammwamba, chisoso, chidede ndi khwanya, n'kuwakulunga m'masamba a msuku. Pa chikwatu chilichonse anamangirirapo kansanza kofiira kong'amba ku chitenje chawo, kuti zisasokonezeke ndi katundu wa ena. Anapatsira dalaivala wa lole kuchokera kwathu ku Fort Johnston, ndi mawu akuti Saida ndi wochepa magazi chibadwire, adye zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka adzachire. Unali mwezi wa Julaye, mphepo ndi fumbi zokhazokha, ndipo pamsika masamba aawisi anali osowa.

Lajabu anaimirira n'kundiyandikizira thadzi lija kumaso.

"Taonani lipombo ili pamutupa, achemwali. Layera ngati chinangwa chosenda. Onaninso m'chikopemu. Utitiri wazimwa magazi nkhuku zanga. Dzulo dona wa ku Woodlands waswa dzira ine ndikuona, akuti chikasu chake chatuwa, ndikadzabweretsanso otere azikagula kwa Mzungu mnzake wa ku famu. Ndiye ndinaganiza kuti ngati masamba amenewa amawonjezera magazi a munthu, a nkhuku angalekerenji? Ndasinja, ndasakaniza ndi gaga. Magazi ndi magazi."

"Magazi ndi magazi. Ndiye Saida ndi thadzi ndi amodzi?"

"Saida ali ndi pakamwa, akamva njala anena. Nkhuku sinena."

"Ndinakubereka kumsana ine, Lajabu, koma nzeru izi sunazitenge kwa ine. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dona wakoyo mawa akwera sitima kubwerera kwawo, Saida ndi amene adzakutseke maso."

Saida anatuluka m'nyumba atagwira mphuthu ya chitseko. Mapazi anali atatupa moti mphete ya kuchala cha kuphazi inali italowa m'mnofu. Kuyenda kuchokera pamphasa kufika pakhomo kokha, anali akupuma ngati wakwera phiri.

"Alamu, asiyeni," anatero. "Zatsala ziwiri, zindikwana."

Kufatsa kumeneko ine kumandiwawa kuposa mwano. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wopanda mbale m'tauni yonse ya Lusaka, ankayesa kuti ukwati ndi kuvomera chilichonse. Anawerama movutikira pa dengu la mazira limene linali pakhonde, n'kutolamo limodzi long'aluka.

"Ili sakagula. Ndikazinge, alamu?"

Ndinalitsomphola m'manja mwake.

"Wapakati sadya dzira. Ukufuna mwana abadwe wadazi, mutu mbee ngati dzira lomweli? Atiseke anthu?"

Ndikunena zimenezi kuti wina asandiyese woyera. Dziralo ndinakazingira Lajabu, anadya ndi tiyi, kenaka anamanga dengu panjinga ulendo wa kumakomo a kukhitchini a ku Woodlands ndi Kabulonga. M'nyumba yotola mazira makumi awiri pa tsiku, Saida anamwa phala lopanda kanthu.

Patapita masabata awiri nkhuku zinasintha, bodza ayi. Malipombo anafiira piriwiri, nthenga zinayamba kunyezimira, ndipo kukhola kunali phokoso la kutetera kuyambira m'mawa mpaka masana. Chikasu cha mazira chinachita kupsa. Dona uja anauza anzake, anzakewo anauza anzawo, Lajabu n'kumabwera kunyumba akuimba mluzu. Chikwatu chachiwiri chinatha Saida atangophikako kanayi.

Tsiku lina ndikuchokera kogulitsa zitumbuwa ndinamupeza Lajabu, mwamuna wamkulu, wandevu zake, atagwira munsi akusinja pamtondo, thukuta lili kamukamu. Munthu amene sanatungirepo mkazi wake ngakhale chikho cha madzi. Amayi a nyumba zoyandikana anali ataima kuseri kwa mipanda akumuseka. Mmodzi yekha sanaseke, Martina, mnansi wathu wobadwira konkuno, amene ankasesa ku kiliniki ya amayi. Analowa pabwalo osaodira, n'kulunjika pamene anakhala Saida.

"Muli shani, ba Nuria? Nabwela kuona uyu mwana. Dzulo ninamuona akudya dothi ya pa chulu."

Anamugwira chibwano n'kumukanula chikope, ndendende mmene Lajabu amachitira ndi nkhuku zake. Kenaka anamutambasula chikhatho.

"Onani imwe. Mu linso mwayela monga pepala. Ku manja chimozimozi. Uyu alibe magazi. Akabala so, azagwa. Mumupeleke ku sikelo, bamupime, bamupase mankhwala. Na mazila aya mumupase, mbili mbili pa siku."

"Mazira ayi," ndinayankha ine msangamsanga. "Kwathu sititero."

"Ba Nuria, bakazi ba bazungu badya mazila na mimba. Munaonapo mwana wa muzungu alibe sisi?"

"Azungu ndi Azungu."

Lajabu anatsamiritsa munsi pamtondo.

"Mayi Martina, zikomo, koma mkazi wanga ku sikelo sapita. Ndamva zimene zimachitika kumeneko. Amabaya chala, magazi n'kuika m'kagalasi, n'kulemba dzina m'buku. Dzina likalowa m'buku, basi, banyama akudziwa khomo lako."

Masiku amenewo, Chitaganya cha maiko atatu chitangoyamba kumene, mbiri ya banyama inali pakamwa pa aliyense. Ankati ndi anthu otumidwa ndi Azungu kudzapopa magazi a anthu akuda. Wina akasowa masiku awiri, ndi banyama. Galimoto yachilendo ikaima pamphambano, anthu balala. Inenso ndinkaopa, ndisaname.

"Ba Lajabu," anatero Martina, "ine nipyanga mu kiliniki zaka zisanu. Sininaonepo munyama. Chamene naona ni bazimai bofela pa mpasa chifukwa bamuna bao ni bozibisa, baja ba naziba kale."

"Zimenezo muzikauza amuna anu. Pano ndi pakhomo panga. Nkhani ya magazi ndimaidziwa ine kuposa wosesa. Taonani nkhuku izi, zinali zitatha. Wazidzutsa ndani?"

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," ndinatero ine.

"Inu achemwali musalankhule. Anyani sasekana zikundu. Wakaniza mazira uja ndani, ine?"

Martina anatiyang'ana tonse awiri, analavula pansi, n'kutuluka. Lajabu anatenganso munsi wake.

Chikwatu chachitatu ndinachitsitsa kudenga madzulo omwewo n'kuchibisa m'chitini chimene ndimasungiramo ufa wa zitumbuwa, pansi penipeni. Ndinkatapamo kadzanja kamodzi m'mawa Lajabu akachoka, n'kumuphikira Saida ndi nsinjiro. Masiku anayi okha ndinaona ngati maso ake ayamba kuwala. Tsiku lachisanu ndinapisa dzanja m'chitini n'kupeza ufa wokhawokha.

Lajabu ndinamupeza kukhola atagwira thadzi chadodolido, akulimanga kanthu kumwendo. Kanali kansanza kofiira kaja. Tinsanza tonse titatu anali atatisunga, ndipo tsopano ankamanga kamodzikamodzi ku miyendo ya mathadzi atatu onenepa kuposa onse.

"Ndiwe mfiti, Lajabu? Mpaka m'chitini changa?"

"Sindinabe. Ndinafunsa mwini wake, wandiuza yekha pamene chinali."

Ndinatembenukira kwa Saida. Anali atakhala pansi atatsamira khoma, maso ali pa zala zake.

"Anandifunsa, alamu. Ndikanawanamiza bwanji amuna anga? Akuti ndi sabata imodzi yokha."

"Sabata imodzi ya chiyani?"

Lajabu analiika pansi thadzi lija mosamala ngati khanda.

"Loweruka likudzali kuli chiwonetsero cha zaulimi. Chaka chino alola kuti ifenso anthu akuda tionetse nkhuku, atipatsa mbali yathu. Dona wandilembetsa yekha. Zitatu izi, zansanzazi, ndizo zikupita. Mukudziwa tanthauzo lake, achemwali? Ine Lajabu, mwana wa Che Abdulkadiri, amene nyama ndimagulira pawindo chifukwa m'sitolo saloleza wakuda, Mzungu adzandigwira chanza pagulu. Ndikapata khadi lofiira la wopambana, Kabulonga yense adzafuna mazira anga. Pamenepo Saida adzadya chiwindi tsiku lililonse."

"Chiwindi cha mawa sichiwonjezera magazi a lero. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, iwe."

"Mwezi wake sunakwane. Watsala wathunthu. Amayi athu anabereka ana asanu ndi atatu popanda chikwatu cha munthu."

"Ndipo anafa pobereka wachisanu ndi chinayi. Unali wamng'ono iwe, amene anachapa nsalu zija ndine."

"Imeneyo inali nthawi yawo. Mulungu akalemba walemba."

"Usamuike Mulungu m'gaga wako."

Lajabu anandifulatira. Anakhuthulira chikwatu chonse mumtondo, fungo la chidede n'kudzaza pabwalo. Saida anameza malovu, ndinamuona ndi maso angawa.

Lachitatu lake ndinabwerako msanga kumsika chifukwa mphepo inkathira fumbi m'zitumbuwa. Pabwalo panalibe munthu. Ndinaitana, zii. Kenaka ndinamva nkhuku zikukokoma kukhola monga zimachitira kukalowa chinthu chachilendo. Ndinasuzumira. Saida anali atagwada pa zitosi, mimba itagunda pansi, akupikisana ndi mathadzi pa chodyera chathabwa chimene Lajabu amathiramo chakudya. Ankatola timasamba tobiriwira m'gaga, kamodzikamodzi, n'kumaponya m'kamwa. Thadzi lina linamujompha pachala, iye n'kulikankha pang'onopang'ono kuti asalipweteke.

Sindinanyansidwe ndi iye ayi. Ndinanyansidwa ndi nyumba yathu yonse, ndi dzina la bambo athu limene tinkalinyadira, ndi manja anga amene anali akununkha mafuta a zitumbuwa.

"Thupi likungofuna, alamu," anatero atandiona, gaga ali pamilomo. "Musawauze."

Ndinamuuza. Ndinadikira Lajabu atsike panjinga, ndinamukokera kukhola n'kumuonetsa mabondo a mkazi wake pamene anadinda m'zitosi.

Anayang'anitsitsa pansipo, ine n'kumati mwina zamulasa. Kenaka anati, "Alipo wamuona?"

"Ndamuona ine."

"Ndikunena anthu akunja. Martina uja akamva, mawa Kabwata yense adziwa kuti mkazi wa Lajabu amadya ndi nkhuku. Saida, ukufuna kundivula pagulu? Ndipo munthu akamalowalowa m'khola nkhuku zimadzidzimuka, zimasiya kuikira. Kwatsala masiku atatu."

M'mawa mwake pakhomo pa khola panali loko watsopano, kiyi ali m'khosi mwa Lajabu pa chingwe chimodzi ndi chitupa chake.

Ndinapita kwa Martina n'kumuuza kuti zivute zitani Lolemba ndimutengera Saida ku sikelo, banyama kaya alipo kaya palibe. Anati bwanji osapita mawa. Ndinati Lajabu ayambe wathana nacho chiwonetsero chakecho, mtima ukhale pansi, tisachite kumenyana pamsewu. Ndinasankha mtendere wa masiku atatu, ndipo Martina anangopukusa mutu.

Loweruka Lajabu anavala kanzu yake yoyera ya pa Idi ndi kofia yatsopano. Mathadzi atatu aja anawapukuta nthenga ndi kansalu konyowa, malipombo n'kuwadzoza mafuta kuti awale. Anawaika m'dengu lalikulu, pansi atayala udzu wofewa. Saida anamuperekeza ndi maso ali pamphasa.

"Muyende bwino, Che Lajabu. Msana ukundiwawa kuyambira m'mawa."

"Ndi mphepoyi. Funda bulangete," anatero akukankha njinga.

Dzuwa lisanafike pamutu matenda anayamba. Ndinaitana Martina, ndipo atangoona mphasa anathamangira kumsewu n'kuimitsa lole ya nkhuni. Tinamugoneka Saida pamwamba pa nkhunizo, mutu uli pamiyendo panga, mpaka ku chipatala cha anthu akuda. Mwana anabadwa tisanathe ngakhale kulembetsa dzina, wamkazi, wamng'ono koma wolira mwamphamvu. Magazi okha ndiwo anakana kuleka.

Namwino wamkulu anatuluka manja atakwinya. Anati mayiyu anabwera kale wopanda magazi, ochepa amene anali nawo ndi amene akutayikawa. Anafunsa ngati pali abale oti apereke awo. Ndinayang'ana botolo ndi singano zimene ananyamula mnzake. Nkhani zonse za banyama zinandibwerera. Ndinatseka maso n'kupereka mkono.

"Botolo limodzi silikwana," anatero atatha. "Inu ndinu wamkulu, sitingakutengeni lachiwiri. Mwamuna wake ali kuti? Kamutengeni msanga."

Kuchokera kuchipatala kukafika ku bwalo la chiwonetsero ndi mtunda, ndipo mutu unkandizungulira. Ndinathamanga, ndinayenda, ndinakhala pansi, ndinathamanganso. Pachipata cha anthu akuda ndinachita kulowa chokankha. Ndinadutsa ng'ombe zonenepa, mathirakitala, madona a zipewa zazikulu akumwa tiyi pamthunzi. Nkhuku za anthu akuda anaziika kumapeto kwenikweni, pafupi ndi zimbudzi. Lajabu anali ataima njo pambali pa kakhola kake, manja kumbuyo ngati msilikali.

"Saida wachira, mwana wamkazi. Koma akutaya magazi. Akufuna ako, tiye."

Nkhope yake inasintha, ndisamunamizire. Anasuntha phazi limodzi. Kenaka anayang'ana kumanzere, kumene Mzungu wa jasi loyera ankabwera ndi womasulira wake, akuima pa kakhola kalikonse.

"Atsala makola awiri, achemwali."

"Wati chiyani?"

"Awiri okha. Ndikachoka pano andidumpha. Kuchipatala kuli madokotala, akumuona. Dikirani pang'ono."

"Lajabu, madzi akatayika sawoleka."

"Musakweze mawu, bwana akumva."

Ndinaima pamenepo, thonje lili pamkono, n'kuonerera zonse. Mzungu uja anatulutsa thadzi limodzi, analiyeza m'manja, analitambasula phiko. Anagwira lipombo, anakanula chikope, n'kugwedeza mutu mokhutira. Analankhula kanthu, womasulira n'kutembenukira kwa Lajabu.

"Bwana akuti nkhuku iyi ili ndi magazi abwino kwambiri, sanaone yotere mbali ino yonse. Akufunsa kuti mumaidyetsa chiyani."

"Mankhwala a makolo, bwana," anayankha Lajabu mano onse ali pamtunda. "Masamba a kwathu ku Nyasaland. Ndimasakaniza ndekha."

Anamugwira chanza. Anamupatsa khadi lofiira. Anthu anawomba m'manja, ndipo mchimwene wanga anawerama katatu.

Ngakhale pamenepo sitinanyamuke. Anati nkhuku sangazisiye, aziba. Anazibweza m'dengu imodziimodzi, anamanga dengu panjinga ndi mfundo zake zonse, ine n'kukhala pa chitsulo cha kutsogolo. Njira yonse ankangolankhula kukhutu kwanga. Akuti kodi magaziwo akawatenga amapita nawo kuti, ndani amaona kuti alowadi mwa Saida. Akuti iye ndi mwamuna wopalasa njinga tsiku lonse, akamuchotsa magazi adyetsa bwanji banja. Akuti mwina ayambe wafunsa kwa shehe ngati n'zololedwa.

Zifukwa zake zonsezo zinapita pachabe, chifukwa palibe anamupempha kanthu. Tinapeza Martina atakhala pa sitepe ya chipatala, kakhanda kali m'manja, atakakulunga m'chitenje cha Saida. Sanayang'ane Lajabu. Anandipatsa mwanayo ine.

"Bapita, ba Nuria. Banafunsa ngati nkuku zawina."

Ndinavundukula kumutu kwa mwana. Tsitsi linali lambiri, lakuda bii, lofika mpaka m'makutu, monga mmene ndinkafunira. Ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo.

Tinaika maliro m'mawa mwake. Lajabu analira mokweza kuposa aliyense, mpaka amuna anzake a kumzikiti anachita kumugwira pobwera kumanda. Amayi ena ankanong'onezana kuti mwamuna uyu ankamukonda mkazi wake. Ena ankati achipatala ndi amene anamupopa magazi mtsikanayo, banyama aja, ndipo Lajabu akamva zimenezo sankatsutsa. Khadi lofiira analisomeka kudenga, pa msomali womwe panali zikwatu.

Amake a Saida, Abiti Hamidu, analandira uthenga wa pa lamya mochedwa, ndipo anafika patapita masiku khumi, pa basi ya ku Fort Jameson. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mawu otsika, fumbi la ulendo lili m'nsidze. Analira pakhomo monga mwa mwambo, tinalira nawo, kenaka anapempha mdzukulu wawo. Anamusisita kumutu nthawi yaitali.

"Tsitsi ili ndi la amake. Munamusamala mwana wanga, Nuria, ndikuona sanalawe dzira."

Ndinangoti, "Ee, amayi."

"Nanga zikwatu zija zinafika?"

"Zinafika."

"Zonse zitatu? Dalaivala uja sindinkamukhulupirira."

"Zonse zitatu, amayi. Zinatha."

Anapumira m'mwamba.

"Basi, mtima wanga wakhala pansi. Njira yonse ndimadzifunsa kuti kapena ndinatumiza zochepa, kapena zinasochera. Chammwamba chija ndinachita kukapempha kutsidya kwa mtsinje, chidede ndinathyola ndekha m'munda mpaka zala kutupa. Ngati anadya zonse n'kupitabe, ndiye kuti inali nthawi yake. Ine ndinachita mbali yanga, inunso munachita yanu."

Mawu amenewo akanakhala mpama bwenzi ndikuthokoza. Ndinamulandira mwana n'kumubereka kumsana kuti ndipeze pobisa nkhope.

Lajabu anali chapatali, kuseri kwa mtondo, pakuti mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Anandikodola n'kundinong'oneza kuti mlendo wotere sangadye nyemba, amuchinjira nkhuku, ndipo osati nkhuku wamba. Anatsegula loko uja n'kutulutsa thadzi lomwe linapata khadi. Ankafuna apongozi adzakanene kumudzi kuti mkamwini wawo ndi munthu wopatsa.

Anakumba kadzenje pafupi ndi mpanda, anayang'ana kuchibula kumene timayang'ana popemphera, anaponda mapiko ndi miyendo, anatchula dzina la Mulungu n'kudutsitsa mpeni. Magazi anatumphuka mpaka pa kanzu yake. Kadzenje kanadzaza, anasefukira, n'kuyenderera m'fumbi kulowera kumene tinakhala ife, ofiira kwambiri, olemera. Ankangotuluka osaleka.

"Koma nkhuku yamagazi iyi," anatero Abiti Hamidu, akufutukula mapazi kuti asawaponde. "Chilimwe chino, kopanda msipu? Zakwathu ukazinga zimangodontha timadontho. Mumazidyetsa chiyani kuno?"

Lajabu, amene anayankha Mzungu mano ali pamtunda, anangoti zyoli kupukuta mpeni pa udzu.

"Bweretsani ndikuthandizeni kusosola," anatero mayiwo. "Manja akakhala chabe mtima umapita kutali."

Ndinaitenga nkhukuyo n'kuwapatsa. Ndikanatha kuyamba ndadula miyendo, mpeni unali pomwepo. Sindinadule. Anaigoneka pa lichero, anaitembenuza, ndipo dzanja lawo linaima pa mwendo wa kumanja. Kansanza kanali kada ndi zitosi, koma maluwa ake ankaonekabe. Anamasula mfundo ija pang'onopang'ono ndi zikhadabo. Anakatambasula pabondo, pambali pa mpendero wa chitenje chimene anavala, pamene panali pong'ambika. Maluwa anakumana.

Anayang'ana kukhola, kumene mathadzi ena awiri ansanza zofiira ankapalasa pansi. Anayang'ana mtondo, umene m'kati mwake munali mutabiriwira. Kenaka anayang'ana ine.

"Nuria, mwati zinatha. Anadya ndani?"

"Mwaigwira m'manja, amayi," ndinatero. "Ndipo mazira ake ndinamukaniza ndine."

Sanalire. Anaimirira ndi nkhuku ija, anayenda kudutsa pabwalo mpaka kuseri kwa mtondo, n'kuima pamaso pa mkamwini wawo, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire mwana wawo. Anamuyang'ana m'maso mpaka iye anagwetsa mpeni. Anaika nkhukuyo pamapazi pake, m'fumbi.

"Idyani nokha, Che Lajabu. Ine nyama ya mwana wanga sindidya."

Anabwerera kwa ine, anamasula mbereko pachifuwa panga ndi manja awo omwe anali ndi magazi, n'kumuchotsa mwana kumsana kwanga. Sindinakane.